Kawiri Pamtima

Nerys anali ataika kale diresi lake labuluu m'sutikesi pamene bambo ake anakuwa ali pansi kuti sewero layamba. Anatsika masitepe awiriawiri. Mvula ya Loweruka inkatsuka fumbi la malasha pazenera, ndipo theka la anthu a mumsewu wawo linali litadzazana m'chipinda chochezera, makapu a tiyi ali pamaondo, kudikira kuona mwana wa kwawo pa kanema.

Emlyn, bwenzi la Nerys, adasiya mgodi chisanu chikuyamba n'kupita ku London kukayesa zisudzo. Mwayi udamugwera m'sewero la Loweruka lililonse lija, la maiko a kuthambo. Atabwera pa Khirisimasi, adamugwira Nerys dzanja pasiteshoni n'kumuuza kuti, "Bambo ako amatsegula makalata, ndiye undiyang'ane pa kanema. Ndikadzigunda pamtima kawiri, kwera sitima ubwere. Ndikapanda kutero, usandidikire." Chichokereni anali zii.

"Sunthani pang'ono, a Prosser, mutu wanuwo si galasi," anatero Mayi Bevan a nyumba yoyandikana, akuwagwedeza bambo a Nerys ndi chigongono.

"Mukufuna kuonanji? Anthu a mphira kukangana za madzi?" Bambo Prosser anaseka. "Za nduna zokangana tili nazo zokwana kunoko."

Pa kanema, mfumukazi ya dziko louma la Velkora inakhala pampando wamwala. Nduna zake zinagawikana: ena ankati agulitse mwezi wawo wa madzi oundana kwa alendo, ena ankati kuli bwino kufa ndi ludzu kusiyana ndi kukhala akapolo. Nerys sankamva zonsezo. Maso ake ankangofunafuna chibwano chija, tsitsi losamvera chipeso lija.

Lipenga linalira. Chitseko chinatseguka, akazembe a alendowo n'kulowa mondondozana. Onse anali msinkhu umodzi, mikanjo yofika pansi, mitu itabisika m'zigoba za mphira zokhala ndi maso ngati a dzombe.

"Ogo! Ndiye Emlyn ndi uti pamenepa?" anafunsa Mayi Bevan.

"Wonyansitsitsayo," anayankha Bambo Prosser, chipinda chonse n'kufa nazo.

Nerys anagwada pafupi ndi kanemayo mpaka kutentha kwake kunamufika kumaso. Wachiwiriyo ankayenda motaya phazi ngati Emlyn. Kapena wakumapetoyo? Kenaka wakumapeto uja anakweza dzanja, nadzigunda pachifuwa. Kamodzi. Kawiri.

Nerys anadzuka.

Asanapume n'komwe, wachiwiri anachitanso chimodzimodzi. Wotsatira naye. Mzere wonse unadzigunda kawiri, mfumukazi nayo inabwezera, nduna zonse zinatsatira. Anali malonje a ku Velkora.

"Taonani ulemu wake," anatero Mayi Bevan. "Amuna a kuno angaphunzireko."

Nerys anakhalanso pansi pang'onopang'ono. Kodi Emlyn adawaphunzitsa anzakewo chizindikiro chawo kuti uthenga usalephere kufika? Kapena adangotola za m'sewero n'kumupatsa iye pasiteshoni, monga munthu apatsira mwana switi kuti aleke kulira? Anadikira maina kumapeto. Anadutsa a mfumukazi, a nduna, a wokonza nyimbo. Ovala zigoba sanawalembe.

"Adzalionetsanso liti?" anafunsa.

"Sabwereza, mwanawe," anatero Mayi Bevan, tsopano motsitsa. "Amati amafufuta n'kujambulapo zina."

Anthu atabalalika, Bambo Prosser anaima pakhomo akufunafuna machesi m'thumba. Sanamuyang'ane Nerys.

"Sutikesi ija ndaiona," anatero. "Sindikuletsa, mwanangu. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo."

Panja mvula inali itakata. Ana a mumsewu anatuluka atavala mabokosi kumutu, akuguba m'zithaphwi. Nerys anawayang'ana pazenera. Aliyense wokumana ndi mnzake ankaima, kudzigunda pamtima kawiri, n'kuphulika ndi chiseko. Ngakhale kamwana ka a Bevan kosatha kulankhula kankayesera.

Anakwera kuchipinda, natulutsa diresi labuluu lija, nalipachika pomwe lidali. Atatsikanso anapeza kanema akulankhula yekha m'chipinda chopanda anthu. Anatembenuza kabatani. Dziko lonse la Velkora, ndi London yemwe, zinafinyikira m'kadontho koyera pakati pa galasi. Nerys anakayang'anitsitsa osaphethira, mpaka nako kanazima.