Takhululuka ndi Ndani?

"Pa wailesi munati 'takhululuka.' Takhululuka ndi ndani?" anafunsa mayiyo uku akusita mkanjo wa mwamuna wake.

"Banja ndi thupi limodzi, amayi," anayankha mwamunayo akukonza kolala pagalasi.

"Thupi limodzi? Amene anaponyedwa m'chitsime aja ndi achimwene anga, osati anu."

Mwamunayo anali m'busa wozama pa maphunziro a za Mulungu, ndipo chigwereni boma lankhanza lija ndiye ankatsogolera bungwe loyanjanitsa anthu. Aliyense ankangowatchula kuti a Mtendere. Tsikulo bungwe linkatseka ntchito yake, ndipo iwo anali atalonjeza atolankhani kuti mkazi wawo agwirana chanza ndi Kachingwe, wapolisi wakale amene anapha mlamu wawoyo.

"Amasiye onse ndawauza akhululuke, amvera. Wa m'nyumba mwanga akakana, ine ndiyang'ana kuti?"

"Pagalasi pomwepo. Paja mumapakonda."

"Mayiko akunja akundiitana kuti ndikawaphunzitse. Musandiyalutse. Madzi akatayika saoleka."

"Koma mlandu suola, abusa."

A Mtendere anatembenuka. Mawu awo anali ofewa, omwe aja amene kale ankamusowetsa tulo mayiyu ali mtsikana.

"Achimwene anuwo sanali mngelo. Pakamwa ndi pomwe panawaphetsa. Ndikuona n'za kumtundu."

Panja galimoto inaliza hutala. Mayiyo anasuzumira pawindo. Pampando wakutsogolo panali Kachingwe, atanenepa, akusenda lalanje ndi chikhadabo. Atamuona anamwetulira, n'kukweza dzanja lonyowa ndi madzi a lalanjelo.

"Mwabwera naye pakhomo panga?"

"Kuti muyeserere. Dzanja lake mulizolowere pompano, musakanjenjemere pamaso pa makamera."

Mayiyo anaika simbi pachifuwa pa mkanjo woyera uja, n'kuisiya. Sanalire. Anangoima n'kumayang'ana utsi ukukwera pang'onopang'ono mpaka fungo linadzaza chipinda.

A Mtendere anathamanga n'kukankha simbiyo. Pamalo pa mtima panali bowo lakuda.

"Mkazi iwe!" Ulemu wonse unathawa. "Ukufuna chiyani kwenikweni? Apepesenso? Akugwadire? Nena!"

Hutala inaliranso. Mayiyo anazula chingwe cha simbi kukhoma, n'kuchikulunga bwinobwino.

"Ndinkafuna mudane naye," anatero. "Tsiku limodzi lokha, inu ndi ine, titseke chitseko, timutukwane mpaka mawu atithere. Mawa lake ndikanamukhululukira ndekha."