Khutu la a Kaputeni

"Ine ndikatsokomola, nduna imagwidwa chimfine."

Anatero a Kaputeni, wapampando wa bungwe la oyendetsa ndege, ataima pafupi ndi ketulo m'chipinda chimene anzawo amadikiriramo ulendo. Anali atatha zaka makumi atatu mumlengalenga, mimba inkalowa pakhomo iwo asanafike, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kwa onyamula katundu. Anawonjezera kuti masiku ano ndunayo ikawaimbira foni imachita kunong'ona, mantha okhaokha. Ndipo si nduna yokha. Oyendetsa ndege achinyamata ankawayankha chapansipansi. Ngakhale mayi a kunyumba, amene kale ankalankhula ngati wailesi ya m'basi, anali atatsitsa mawu. Dziko lonse linali litaphunzira ulemu, ndipo a Kaputeni ankadabwa kuti linachedwa kuti.

Mkangano unali wa maola opuma. Kampani inawadula moti munthu ukatsika ndege, usanamasule nsapato akuti kwera ina. Bungwe litalengeza sitiraka, nduna ya zamtengatenga, imene chisankho chinali chitaipumira m'khosi, inasaina chikalata chakuti oyendetsa ndege ali ngati ozimitsa moto, saloledwa kunyanyala ntchito. Wonyanyala akaonana ndi khoti.

Koma pali lamulo lina, lakale kuposa ndunayo, lakuti woyendetsa ndege akamva kuti m'thupi simuli bwino asakwere. A Kaputeni anapezera khomo pomwepo. Lolemba aliyense adzuke akudwala. Anagawana matenda ngati zovala za malemu: wina msana, wina mutu waching'alang'ala, ambiri anathamangira kutsegula m'mimba poti palibe dokotala amene amalimbikira kukaona umboni. Wachiwiri wawo, mayi wamtali wosaseka, anafunsa kuti nanga wapampando atenga chiyani. A Kaputeni anati munthu wa mizere inayi paphewa sangatsegule m'mimba dziko likuona. Iwo atenga khutu. Khutu lilibe fungo, komanso dokotala sangalowemo kukaona ngati ukunama.

Lamlungu masana mayi a kunyumba akusita malaya oyera a kuntchito a amuna awo, anaimika simbi, nabwera kudzaima kutsogolo kwenikweni kwa amuna awo.

"Bambo a ana, bwanji osangotenga bondo?"

A Kaputeni anaseka. Bondo ndi la osewera mpira. Mayiwo anati aneba amadziwa zigoli zonse kudzera pa kanema wa m'nyumba muno, osatsegula wawo. A Kaputeni anati ndiye aneba azibwera kudzathokoza. Mayiwo anabwerera ku malaya.

Lolemba m'mawa ndege zinangoti ndondondo pabwalo, zitseko zotseka. Pakhonde la chipatala cha kampani panali mzere wa anthu onenepa bwino, aliyense atagwira pamene anapatsidwa. A Kaputeni analowa oyamba, monga mtsogoleri. Ankayembekezera dokotala wakale, mnzawo wa gofu, amene kuyeza makutu kwake kunali kuima kumbuyo kwako n'kukufunsa za ana ndi mawu odzutsa wakufa, kenako n'kusaina. Pampando anapezapo wina, dokotala wamkazi wa msinkhu wa mwana wawo woyamba, wotumizidwa ndi unduna kuti aone mliri wagwa pabwalo la ndegewu.

Dokotalayo anawapempha chiphaso cha zaumoyo, nachiika patebulo n'kuchitsamiritsa ndi kapu ya zolembera. Kapepalako sikakwana chikhatho, koma popanda iko sukhala kutsogolo kwa ndege. Ndipo malamulo a bungwe amati wapampando akhale munthu amene akuuluka. Ndime imeneyi anailemba okha a Kaputeni, chaka chimene ankachotsa amene analipo iwo asanakhalepo.

Anadandaula khutu lakumanzere, chimfine chalitseka, sabata imodzi yopuma ikwana. Dokotala anangogwedeza mutu, nawatengera ku kachipinda kooneka ngati firiji yaikulu, kokhala ndi windo limodzi. Anawaveka mahedifoni, nawapatsa batani m'manja. Akamva kulira kulikonse, kaya kwakukulu kaya kwakung'ono ngati udzudzu, adine.

Chitseko chitatsekedwa, a Kaputeni anachita chidwi. Makoma onse anali timabowo tokhatokha. Ndani amakhala pansi kuboola zimenezi, ndipo amauza ana ake kuti amagwira ntchito yanji? Anagogoda khoma ndi chala, linali lofewa. Anaganiza kuti kachipinda kotere kangathandize pa misonkhano ya bungwe, kutsekeramo msungichuma. Kenako anakonza mapulani monga amachitira asananyamuke: kulira kwakukulu adina, kwapakati adina, koma kukafika tating'onoting'ono ta kumanzere asiyako tiwiri kapena titatu. Bodza labwino limafuna muyeso, ukathira wambiri limawawa.

Kunalira koyamba, kumanja. Anadina. Kwachiwiri, anadina. Kwachitatu kunabwera kumanzere, ndipo anakusiya dala, kungoyesa dzanja, nkhope ili yachisoni ngati ya wodwaladi. Atatero anakhazikika kudikira tating'ono tija.

Sitinabwere. Pawindo ankaona dokotala akutembenuza kachitsulo, kulemba, kusuzumira, kutembenuzanso. A Kaputeni anaganiza kuti makinawo afa, zinthu za boma. Anayamba kuwerenga timabowo. Atafika pa makumi asanu ndi limodzi anaona dokotala akuwayang'ana nthawi yaitali, cholembera chili pakamwa, ndipo anamumwetulira momulimbitsa mtima. Mwana wa eni, tsiku loyamba makina n'kumuchititsa manyazi.

Chitseko chinatseguka. A Kaputeni anafunsa ngati aitane wokonza.

"Tamaliza," anatero dokotala, nawaonetsa pepala la mizere iwiri yotsetsereka ngati ndege ikutera. "Ndinaliza kamakumi anayi. Mwadina kawiri."

Apa sitiraka inayamba yaima pambali. A Kaputeni anatseka chitseko cha ofesi, natsitsa ulemu wawo wonse pansi. Anaulula kuti chimfine palibe, khutu ndi lawo lomwe lakale, iwo amangochita za bungwe, ndipo kumodzi anakusiya dala. Mwanangu, tibwereze. Dokotala sanakane. A Kaputeni analowanso m'firiji muja, anatseka maso, anagwira mpweya, anamvetsera mpaka mitsempha ya m'khosi inaima. Sanasiye kalikonse.

Anadina katatu.

Atatuluka anapeza kapu ya zolembera ili payokha, chiphaso chija palibe, dokotala akukhoma kabati. Kunja kwa galasi la chitseko wachiwiri wawo uja anali ataima pamzere atagwira msana, akusuzumira kuti aone ngati njira ya khutu yadutsa. Dokotala anatembenukira ku kabati kuika kiyi m'thumba, akulankhula zinazake zazitali.

"Kwezani mawu, adokotala," anatero a Kaputeni. "Musandiope."

Dokotala anatembenuka kuti a Kaputeni amuone pakamwa.

"Bambo, ndikukuwa kale."