Lyford ndi Kachasu wa Achemwali Ake

Mlongo wanga Lyford anabwera kutchuthi m'chilimwe cha 1957, atatha zaka ziwiri ku yunivesite ya ku India. Anatsika sitima pa Balaka ataonda ngati nsungwi, sutikesi itadzaza mabuku okhaokha. Ngakhale kampango ka ine Sabina, mchemwali wake, iyayi ndithu.

Chimene ankaphunzira chinativuta kumva kwathu kuno ku Nkaya. Ankati uinjiniya wa makemikolo. Amayi anafunsa ngati adzabaya anthu jekeseni, iye iyayi. Nanga kukonza sitima? Iyayinso. Anati amaphunzira kuphika zinthu m'mathanki akuluakulu kuti zisanduke sopo, feteleza kapena mafuta a galimoto. Amalume athu a Goliati, eni mbumba, anangopukusa mutu. Kuwoloka nyanja yonse ija kukaphunzira kuphika?

Amalumewo anali atamupezera kale ntchito ya ukalaliki pa siteshoni, ndipo ananena poyera kuti ku India sabwereranso. Mawu awo m'banja mwathu sankabwezedwa. Lyford anakhala masiku awiri osadya, poti zinamutsalira zaka ziwiri zokha kuti amalize. Ndinamumvera chisoni kwambiri.

Ine ndinkatcheza kachasu kumunda, kuseri kwa chulu, kumene apolisi sankafika. Tsiku lina Lyford anandiperekeza. Ataona mtsuko uli pamoto, paipi ikudutsa m'kabwato ka madzi ozizira, madontho akugwera m'botolo, anasangalala ngati kamwana. Anati zimenezi n'zimene anakhalira kulemba mayeso chaka chonse chachiwiri, kungoti kwawoko mapaipi ake ndi aatali kuposa mtengo wa mlambe. Kani anthu amapita kutsidya kwa nyanja kukaphunzira ntchito yanga!

Ndinathamangira kwa amalume. Ndinawapempha kuti amulole atcheze kamodzi, iwo alawe. Akakoma kuposa wanga, ndiye kuti sukuluyo ndi yaphindu, mwanayo abwerere. Amalume pa nkhani yolawa sankavuta.

Loweruka m'mawa tinasonkhana kuchulu kuja. Madeya ndi shuga zinali zanga, zimene ndinavundika sabata yathunthu. Lyford anabwera ndi kagalasi koyezera kutentha ndi kabuku. Anamata chivundikiro ndi dothi mosamala, n'kulowetsa kagalasi kaja. Moto wanga anauchepetsa, ati ndimafulumira. Madzi a m'kabwato ankafuna asinthidwe pafupipafupi, ndiye wopita kuchitsime ndani? Ine. Maulendo asanu, dzuwa likuswa mtengo, iye akungolemba m'kabuku. Amalume anakhala pamthunzi, kapu ili m'manja.

Tsono kachasu amene amayamba kudontha timamutcha mutu. Ndiye waukali kuposa yense, ukamudonthezera pamoto amayaka lawi lobiriwira. Chiyambireni ine kutcheza, mutu unali wa amalume, ndipo ngakhale mwamuna wanga sankaununkhiza n'komwe.

Madontho anayamba. Botolo litafika theka, amalume anakhosomola n'kutambasula dzanja. Lyford anatenga botolo lija, analinunkhiza, analiyang'ana padzuwa, kenako n'kukhuthula lonse pansi. Dothi linamwa tikuona.

Mayo ine! Amalume anatsala kukamwa kuli yasa, dzanja lili m'malere.

"Achemwali, woyambayu ali ndi poizoni," anatero Lyford mosatekeseka. "Amapha maso. Kusukulu timataya."

"Ndamwa mutu zaka makumi atatu," anayankha amalume, "ndipo ndikukuona bwinobwino mmene wapusiramo."

Ine ndiye ndinamutsanulira mawu. Ndinamufunsa ngati ku India kulibe akuluakulu, ngati shuga amamera kutchire, ngati mabuku akewo anamudya ubongo. Zina zimene ndinanena ndinakaulula kwa abambo mfumu Lamulungu lake.

Kachasu wotsala anatuluka woyera mbee, wosanunkha utsi. Kunena zoona, anali wosalala pakhosi kuposa wanga, koma zimenezi sindinamuuze. Amalume analawa, analawanso, n'kunena kuti ndi tiyi wa kumishoni. Lyford anatseka kabuku kake n'kukhala pa chitsa, nkhope ili pansi. Anadziwa kuti Lolemba avala kabudula wa khaki n'kukayamba kulemba matikiti. Mkwiyo wanga unathera pomwepo, poti nzeru yolawitsayi inali yanga.

Amalume anayang'ana ponyowa paja nthawi yaitali, ngati munthu woyang'ana manda.

"Mwana uyu sanapse," anatero. "Chosapsa saphula. Ndikamuika pa siteshoni ali chonchi, azikataya katundu woyamba wa sitima iliyonse, ine n'kuchita manyazi. Abwerere akamalize. Mwina nzeru amaphunzitsa chaka chachitatu."

Lyford anadzuka, anagwada, n'kuyamba kuthokoza mosalekeza mpaka amalume anamuthamangitsa ndi kapu. Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Patatha masabata atatu ndinamuperekeza ku Balaka, kukakwera sitima ya ku Beira kumene ankakapeza chombo. Njira yonse ndinkamunyogodola, iye akungoseka. Anakwera, anatulutsa dzanja pawindo, sitima n'kunyamuka. Itakhota ndinakhala pansi pa siteshoni pomwepo n'kulira, ine ndemwe amene ndinavutikira kuti apite.