Kiyi wa Mafuta a Loyce

Mafuta oteteza khungu ku dzuwa amene anamwino anapereka kwa Loyce ankagona m'bokosi lachitsulo, pamodzi ndi satifiketi ya sitandade eyiti ya bambo ake ndi tayi imodzi. Loyce anali ndi miyezi isanu ndi inayi, ndipo anabadwa ndi khungu lachialubino. Kiyi wa bokosilo ankayenda m'thumba la bambo akewo, a Makina, wapampando wa komiti ya mjigo.

"Zinthu zakuchipatala sizikhala pawindo ngati mchere," ankatero. "Zimafuna munthu wodziwa kusunga."

Lachitatu limenelo linali tsiku la sikelo ku Nkhulambe, ulendo wapansi wa ola lathunthu, mu Okutobala. Belita, mayi a Loyce, anasambitsa mwana, kumuveka malaya a manja aatali, n'kukagwira bokosi. Lokhoma. Anafunafuna pansi pa mphasa, kudenga, m'nsapato zakutchalitchi. Anatuluka kukayang'ana dzuwa, n'kulowa, n'kutulukanso. Mwezi wathawu bokosi litakhomedwa chimodzimodzi, makutu a mwanayo anatuluka matuza, ndipo anamwino anakalipira iyeyo, osati mwini kiyi.

Anabereka mwana, kumufunditsa chitenje kumutu, n'kulunjika kumjigo.

Msonkhano wa komiti unali utayamba. Anthu asanu ndi mmodzi anakhala panjerwa. A Makina anali pampando umene anabwera nawo okha panjinga, atavala chipewa chawo chotambalala.

"Bambo a Loyce, kiyi."

"Mayi, tili pa mfundo yachiwiri. Nkhani zapakhomo zimalowa pa zina ndi zina."

"Mfundozo zilipo zingati?"

"Zisanu ndi zinayi."

Belita anakaima patsinde pa papaya, pamthunzi wosakwana ngakhale nkhuku. Mfundo yachiwiriyo inali yoti chidindo cha komiti chikhale chozungulira kapena cha ngodya zinayi, ndipo a Makina anali ndi maganizo ambiri mbali zonse ziwiri. Loyce anayamba kutukutira. Anakankha chitenje kumutu, Belita n'kubwezera, iye n'kukankhanso. Mthunzi unkafupika. Pamsewu amayi obereka ana ankadutsa, kupita kusikelo, ndipo Belita ankawaperekeza ndi maso, phazi likupalasa fumbi.

Mayi Aliness, wachiwiri kwa wapampando, anakweza mkono.

"A Tcheya, ndikupereka ganizo: kiyi atuluke."

"Ganizo limenelo silili pa ndondomeko."

"Ine ndikugwirizana nalo," anatero a Jabiri, amene amakonza mjigowo ukafa. "Ndipo ndikuwonjezerapo chipewacho. Mwana alibe, inu mwasenza denga la sitolo."

Manja onse anakwera. A Makina anawawerenga kawiri, pang'onopang'ono, koma lamulo loti ambiri apambana analilemba okha chaka chatha, ndi zilembo zikuluzikulu. Anaimirira, n'kupereka kiyi ndi manja awiri ngati akutsegulira mlatho. Kenako chipewa.

"Zilembedwe kuti wapampando wapereka mwa kufuna kwake."

Belita sanadikire kuti zilembedwe. Kunyumba anatsegula bokosi, n'kumudzoza mwana kumaso, kuseri kwa makutu, kumbuyo kwa khosi, m'manja ndi pamapazi. Botolo analiponya m'kachikwama kake, pamodzi ndi kabuku ka sikelo. Chipewa chinamumeza Loyce mpaka m'mapewa, ndipo njira yonse anagona m'menemo ngati mlendo wolemekezeka.

Anafika sikelo itatsala pang'ono kutha. Anamwino anapinda khutu la Loyce, kuyang'ana kuseri, kuyang'ananso linzake.

"Apa nde mwayesetsa, mayi. Mafutawo muzikhala nawo pafupi, muzimudzozanso pobwerera."

"Ali pompano," anatero Belita, akugwira kachikwama.

A Makina anamaliza mfundo zonse zisanu ndi zinayi dzuwa lili paliwombo, dazi lili pamtunda, chifukwa wapampando sadumpha mfundo. Anabwera kunyumba akukankha njinga, mpando uli pakaliyala, khosi lili chilili ngati asenza mazira. Anapeza kiyi ali pabokosi. Anatsegula, n'kupezamo satifiketi ndi tayi basi.

Anatuluka pakhonde pamene Belita anali kusewera ndi mwana, n'kutsokomola pang'ono.

"Mayi a Loyce, mafuta aja. Pang'ono pokha, pamutupa."

Belita sanadzutse nkomwe mutu.

"Amenewo ndi a Loyce. Zanuzo zilowa pa zina ndi zina."