Njerwa za Poshto Yakale

Kumunsi kwa munda wa Mayi Luciana, kufupi ndi Itepela, kunali bwinja la poshto, ofesi ya boma ya Apwitikizi, ya nthawi ija dera lonselo linkamvera boma la Amaramba. Bomalo linatha kalekale, malire anadulidwanso, koma zipupa zinatsala chiimire. Nkhumba zawo zitachuluka, mayiwo anatenga khasu n'kuyamba kugumula njerwa kuti amange khola.

Mbiri inafika ku Cuamba kwa Jossias, mwana wa mlongo wawo, mphunzitsi wa mbiri yakale. Loweruka anakwera shapa, minibasi ya kumeneko, ndipo anawapeza akusenza njerwa pamutu. Anawadandaulira kuti nyumbayo ndi yokhayo yotsala ya boma lakalelo, kuti ankafuna kudzaionetsa ana asukulu, ndiponso kuti akuluakulu a boma ku Ngauma akamva adzakwiya.

Mayi Luciana anatula njerwa pansi, n'kumuonetsa imodzi. Inali ndi zidindo za zala.

"Anaumba izi ndi agogo ako, pachibalo, sipayo, msilikali wa mzungu, ali kumbuyo ndi chikoti," anatero. "Mzungu sanagwire dothi. Lero ukuti ndipemphe chilolezo kwa yani?"

Jossias anati zala zimenezo n'zimene ziyenera kusungidwa. Iwo anayankha kuti bambo awo ankalambalala bwinjalo mpaka imfa, ndipo sakanakondwa kuona ana akulijambula.

Patapita masiku, kunabwera mlembi wa kuboma panjinga yamoto, Bambo Amisse, kudzawaletsa. Mayiwo anawayalira mphasa, n'kuwauza mwaulemu kuti ngati akufuna kuwamanga, chipinda chandende chikadalipo pabwinjapo, awatsekere momwemo monga anatsekeredwa bambo awo. Bambo Amisse anati akafunsa kwa akuluakulu. Sanabwerenso.

Amayi ena a m'mudzimo ataona zimenezi anabwera ndi madengu. Wina anamanga khitchini, wina bafa. Khola la Mayi Luciana linatha mvula isanagwe, ndipo njerwa za ofesi ya mzungu ndi zimene anayala pansi pogona nkhumba.

Jossias anakwiya, Khirisimasi sanabwere. Koma chaka chotsatira anafika ndi ophunzira ake. Pabwinjapo panatsala chipinda chandende chokha, chifukwa njerwa zake aliyense anazikana. Mayi Luciana anawaphikira maungu anawo, koma kuwaperekeza kumeneko anakana. Anati ali ndi fodya wosoka.