Mpweya wa Njinga ya a Tokuji

Lachiwiri m'mawa, Mayi Kuramochi atatsika kukataya zinyalala, anapeza kapepala kachikasu katamangidwa pa chogwirira cha njinga ya malemu amuna awo. Anavala magalasi n'kuwerenga. Komiti ya anthu okhala m'nyumba zosanjikizanazo inkadziwitsa kuti njinga zonse zophwa matayala, zomwe zangodzaza shedi, zidzatengedwa ndi lole Lachisanu m'mawa kupita kotaya zitsulo.

Njingayo inali pamalo pomwe a Tokuji, amuna awowo, anaisiya chaka ndi miyezi iwiri yapitayo, itayandikana ndi ya akazi awo. Chishalo chinali mbuu ndi fumbi. Matayala onse awiri anali atakhala pansi.

Bambo Hikida, woyang'anira malowo, ankasesa masamba chapafupi, akudziyesa wosaona.

"A Hikida, mwayamba liti kumanga mbendera pa katundu wa anthu?"

"Si ine, mayi, ndi komiti. Ine ndine manja chabe."

"Koma mukudziwa kuti ndi ya ndani."

"Ndilekerenji kudziwa? Si tinkamwera limodzi? Koma lamulo likuti njinga ndi yomwe yaima pa mpweya. Yophwa ndi chitsulo basi. Ngakhale ine, tsiku lomwe ndidzaphwe, adzandimanga kachikasu kukhutu."

"Inu munaphwa kalekale, kungoti lole ikukuopani kulemera."

Bambo Hikida anaseka mpaka kutsokomola, kenako anatsamira tsache n'kutsitsa mawu. "Ipopeni, mayi. Ndikadzatsina tayala Lachisanu n'kulipeza lolimba, kapepalako ndidzadula ndi manja angawa."

Pampu inali m'kabati ya nsapato pakhomo, kuseri kwa maambulera. Mayi Kuramochi anatsika nayo masitepe a nsanjika zinayi, akupumira pa nsanjika iliyonse. Pa zaka makumi anayi ndi zitatu za ukwati wawo anali asanaigwirepo. Kunsonga kwa chipaipi chake kunali kachitsulo kopanira, konga kopanira zovala pa chingwe. Anakapanikiza pa vavu, polowera mpweya pa tayala lakutsogolo, napondetsa phazi, nayamba kupopa.

Tayala linadzuka pang'onopang'ono. Atapopa maulendo makumi atatu, analitsina n'kumva lolimba ngati mbatata yaiwisi. Mtima unakhala pansi. Koma atangochotsa chopaniracho anamva kuti fyiii, ndipo njinga inagwada pamaso pawo ngati munthu wopepesa. Lakumbuyo linachita chimodzimodzi.

Anabwereza kachiwiri, kachitatu. Analimbitsa kanati, kamphete kachitsulo komangira vavu, ndi zala mpaka zala zinafiira. Mpweya unkalowa bwino, koma sunkafuna kukhala. M'shedi monse munalibe munthu woti n'kumufunsa. Ana a m'nyumbazo anakula n'kupita ku mizinda, ndipo pa bwalo lawo la masewera panamera udzu. Wokonza njinga wa pafupi ndi siteshoni anatseka chaka chatha, ndipo pa chitseko chake panangotsala chikwangwani chofufuma ndi dzuwa.

Lachitatu masana anaimbira mwana wawo Sanae, wokhala mumzinda wa Sendai.

"Amayi, ndili kuntchito. Ngati machubu anaola, isiyeni aitenge. Nanga adzaikwera ndani? Inu muli ndi yanu, ija mumati siiphwa."

"Ndikudziwa."

"Ndidzabwera nthawi yoyendera manda. Musamanyamule zolemera."

Foni inaduka. Zoti yawo siiphwa zinali zoona, ndipo ankazinyadira. Kwa zaka zonsezi azimayi anzawo ankadandaula za matayala, iwo n'kumati, "Yangayi ndinasankha bwino." Anakhala pa mkeka moyang'anana ndi kaguwa kam'nyumba, pomwe panali chithunzi cha a Tokuji ndi kambale ka mpunga. Sakanatha kumufotokozera Sanae kuti m'mawa uliwonse, potulutsa njinga yawo, chogwirira chake chimakola cha inayo n'kuliza belu lake pang'ono, ndipo iwo amati, "Ndapita, bambo." M'nyumba monse palibenso china chomwe chinkawayankha.

Lachinayi anaganiza zofuna zomatira chubu, ngakhale sankadziwa kuti tayala amalivula bwanji. Zipangizo za a Tokuji zinali m'chitini chakale cha makeke a mpunga, pansi pa sinki. Anapezamo masipanala awiri, guluu wouma, kalumo, ndi kamphira kowonda kobowoka m'kati, konga nyongolotsi, kozengezedwa bwinobwino m'kabotolo kotseka. M'mbali mwake munali tidutswa tisanu ndi kamodzi todulidwa kale, tonse tofanana, totalika ngati mfundo ya chala. Zomatira chubu munalibe.

Anatenga kachidutswa kamodzi n'kukatembenuza pa chikhatho. Anali atakaonapo. Anakaona kuti? Kenako anakumbukira: pakamwa pa a Tokuji.

Chaka chilichonse, chisanu chikamatha, kutatsala sabata kuti apalase njinga kukatsuka manda a makolo, bamboyo ankatsika ku shedi ndi chitini chimenechi. Mayi Kuramochi akamawaitana kuti tiyi wapsa, ankawapeza atanjuta pakati pa njinga ziwirizo, kanthu kakuda kali pamilomo.

"Inu bambo, munthu wamkulu kumadya zonyansa ngati khanda! Lavulani!"

"Iwe, zako ndi tiyi. Izi zisiye," ankayankha choncho mano atalumana. Akamaliza ankanyowetsa chala ndi malovu n'kupaka pa vavu, n'kumayang'anitsitsa ngati akudikira kuti iwalankhule. Mayiwo ankangoti ndi misala ya amuna, n'kubwerera m'mwamba.

Anatsikanso masitepe, chitini m'khwapa, pampu m'manja. Anapopa tayala lakutsogolo, nachotsa chopanira, nayang'ana uku ndi uku ngati pali wowaona. Panalibe. Ananyowetsa chala n'kupaka malovu pakamwa pa vavu. Nthawi yomweyo panatuluka thovu, n'kuphulika, n'kutulukanso lina.

Chubu sichinabowoke ayi. Mpweya unkatulukira pakhomo pomwe unalowera.

M'malo molimbitsa kanati kaja, tsopano anakamasula. Mpweya wotsala unatuluka wonse, ndipo m'kati munatuluka kachitsulo kowonda kokhala ndi kabowo m'mbali. Pamwamba pake panamatirira zotsalira za kamphira, zakuda, zosweka ngati khungu la chilonda chakale. Apa anamvetsa. Kamphirako kamavala kachitsuloko ngati sokosi, n'kutseka kabowo. Pampu ikakankha, kamatseguka, ikaleka, kamatsekanso. Kakaola, palibe chotsekera.

Anapala zotsalirazo ndi chikhadabo n'kuyesa kuveka katsopano. Kanakana. Kanalowa kunsonga kokha, n'kupindika, ndipo atakakamiza kanang'ambika. Kachiwiri kanadumpha m'zala n'kugwera mu ngalande. Anatsala ndi tinayi. Anakhala pa simenti yozizira, mawondo akuwawa, akuyang'ana kachitsulo kali m'manja.

"Chabwino, bambo. Mwapambana," anatero mokweza.

Anaika kachitsuloko m'kamwa, kenako kamphira. Kankawawa, kakununkha mafuta ndi fumbi. Koma atakakankha ndi chala chachikulu, kanatsetsereka mosavuta mpaka kukwera pamwamba pa kaphewa ka chitsulo n'kugwira nga! Anabwezera m'malo mwake, namanga kanati, napopa. Atachotsa chopanira, m'shedi munali zii. Anapaka malovu n'kudikira. Malovuwo anangokhala phee.

Lakumbuyo silinawavute. Atamaliza anayamba kulongedza chitini, koma maso anagwera pa tidutswa tiwiri totsala, kenako pa njinga yawo. Anakumbukira kuti a Tokuji ankanjuta pakati pa njinga zonse ziwiri, osati pambali pa imodzi. Anasendera chokwawa, nachotsa kachivindikiro kakuda ka pavavu, napaka malovu pa vavu ya njinga yawo yosaphwa ija.

Poyamba panalibe kanthu. Kenako kathovu kakang'ono kanayamba kufufuma, pang'onopang'ono kwambiri, mpaka kanaphulika.

Basi inadutsa ku msewu ilibe munthu. Zaka zonse zija ankauza anzawo kuti anasankha bwino, bamboyo ali pomwepo akumwa tiyi, osaulula kuti ndi iwo ankasintha timphira take. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, popeza zala zinali zakuda, n'kumasula kanati.

Lachisanu lole inabwera mamawa ndithu. Inali itanyamula kale njinga khumi ndi imodzi pomwe Bambo Hikida anafika pa ya a Tokuji. Anatsina lakutsogolo, natsina lakumbuyo, nakweza nsidze.

"Aa! Mwapeza kuti mmisiri, mayi?"

"Mmisiri wake ndi yemwe uja, mwini wakeyo."

Bamboyo anawayang'ana pakamwa, pomwe panali patatsala kadontho kakuda kosachoka ndi sopo. Anatulutsa lumo n'kudula kapepala kaja.

"Koma dziwani kuti chaka chamawa tidzamanganso. Njinga yosakweredwa imaphwa msanga."

"Mudzandipeza. Kamphira katsala kotalika chonchi," anatero mayiwo, akutambasula manja.

Lole itapita, anaitulutsa njingayo. Chishalo chinali chachitali kwambiri, phazi lawo silikanafika pansi, ndipo kuchitsitsa sanafune. Anangoikankha kuzungulira bwalo la udzu lija kamodzi, matayala akulira pa miyala. Pa mawindo a nsanjika zonse zisanu panalibe nkhope ngakhale imodzi. Anaibwezera m'shedi, momwe tsopano munali malo ambiri, koma anaiyandikiza kwambiri kwa yawo mpaka zogwirira zinakolana.

Pa chakudya chamasana anaika mpunga watsopano pa kaguwa, nadya wawo ndi supu wa miso, uja wa soya. Kuwawa kwa mphira kunali kudakali pa lilime, ndipo tiyi anamusiya kuti azizire.