Malaya Oyera a Alamu

Cândido anali mmisiri wa matabwa pa fabrika, fakitale ya tiyi ya m'munsi mwa phiri la Tumbine. Ntchito yake inali yokhoma mabokosi otumizira tiyi ku Quelimane, ndipo anaigwira zaka zoposa makumi awiri, kuyambira nthawi ya Apwitikizi mpaka dziko litalandira ufulu. Kwawo kunali pamudzi wina wa m'mbali mwa msewu wopita ku Majaua, ulendo wa ola limodzi pa njinga. Ulendo umenewu ankauyenda yekha.

Sikuti anzake kunalibe. Amuna atatu a pamudzipo ankagwira ntchito pa fabrika yomweyo. Panali Olímpio, mlongo wake wa mkazi wake Guilhermina, amene ankasonkhezera moto woumitsira masamba. Panali Abílio wa ku sikelo, munthu wamfupi, wonenepa, wosatopa kulankhula. Wachitatu anali Florentino, wopakira katundu m'malole. Atatuwa ankadikirana pa mtengo wa mango wa pamphambano n'kunyamuka pamodzi, koma akamafika pamenepo ankapeza tayala la Cândido litalemba kale mzere wake pafumbi.

Iye ankati gulu limachedwetsa. Wina akaphulitsa chubu, nonse muime. Wina akakumana ndi apongozi ake panjira, nonse mutsike kukapereka moni. Iye ankakonda kumva tcheni chake chikuyenda bwino, mutu uli pa zake. Tsiku lina pamsonkhano wa antchito, sekeretale wa chipani pa fabrikapo ananena moseka kuti pali kamarada wina amene akuyendabe yekhayekha pamene dziko lonse laphunzira kuchitira zinthu pamodzi. Cândido anayankha kuti ufulu umene iye anamva ndi wakuti munthu azinyamuka nthawi imene wafuna. Anthu anaseka, sekeretale nayenso anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chaka cha 1977, mvula itatsala pang'ono kusiya, maso ake anayamba kuchita chifunga. Poyamba linali diso lakumanzere lokha, kenako lakumanja linatsatira. Pa ntchito sizinkaoneka, chifukwa manja ake ankadziwa thabwa ndi msomali popanda kuuzidwa ndi maso. Panjira ankadalira kuti msewuwo ankaudziwa dzenje ndi dzenje. Sanauze munthu.

Guilhermina ndiye anayamba kuona. Mwamuna wake ankapapasa pamkeka pofuna chipewa chimene chinali poyera. Tsiku lina mwana wawo Graça, amene anakwatiwa kutsidya kwa mtsinje, anabwera kudzacheza, ndipo bambo ake anamupatsa moni waulemu ngati mlendo mpaka atamva mawu ake. Guilhermina atafunsa, Cândido anati linali dzuwa, ndipo anadzuka kukapukuta njinga imene anali atapukuta kale.

Patapita masabata awiri, mvula yausiku inakokolola mbali ya kamlatho ka pakati pa ulendo. Anthu olawira kumunda anaika nthambi zobiriwira pamalopo kuti odutsa azilambalala. Olímpio ndi anzake atafika, anaona mzere wa tayala utalunjika pakati penipeni pa nthambizo, ndipo m'dzenjemo munali matope osonyeza kuti munthu anagweramo n'kukwawa potuluka. Ku fabrika anamupeza Cândido akukhoma mabokosi, bondo litamangidwa nsanza, handulo ya njinga itapindika. Iye anati mabuleki anakana. Olímpio anagwira mabulekiwo mwakabisira, napeza akugwira bwino lomwe.

Madzulo ake Guilhermina anapita kwa mlongo wake. Anagwirizana kuti kumuuza maso ndi maso sikungathandize. Munthu wa mtima ngati wa Cândido akanadziwa kuti anthu akumumvera chisoni akanapachika njinga kudenga, n'kusiya ntchito, n'kukhala pakhonde mpaka kukalamba nthawi isanakwane. Olímpio anati amusiyire iye.

Lamlungu atatuluka ku mapemphero, Olímpio anafika pakhomo pa mlamu wake ali ndi nkhope yodandaula. Masiku amenewo machubu atsopano anali atasowa m'masitolo a ku Milange, ndipo pamudzi ponse Cândido yekha ndiye anali ndi pampu yabwino ndi kachitini ka guluu kamene anagula ku Muloza. Olímpio anafotokoza kuti chubu cha Florentino chatha, chikungophwa panjira, ndipo atatu onsewo akufika chitsulo cha kufabrika chitalira kale.

"Alamu, tithandizeni sabata imodzi yokha. Muziyenda nafe ndi pampu yanuyo. Ife manja athu ndi a nkhuni, zomata sitidziwa."

Cândido anang'ung'udza kuti amuna aakulu atatu kulephera chigamba n'zochititsa manyazi. Anati awabwereke pampuyo. Olímpio anakana, nati Florentino anathyola kale pampu ya mphunzitsi. Pomaliza Cândido anavomera, koma anati sabata imodzi, ndipo wochedwa pa mango amusiya.

Lolemba m'mawa anawapeza onse atafika kale. Olímpio anali atavala malaya ake oyera a kutchalitchi, ndipo anatsogola. Abílio anakhala kumbali ya Cândido, cha ku ngalande. Florentino anatsalira m'mbuyo ndi njinga yake yodwalayo. Sanathamange, komanso sanazengereze.

Abílio analankhula njira yonse. Anadandaula za mchere umene unasowa ku kooperativa, za mpongozi wake, za nkhumba ya mnansi. Koma pakati pa nkhanizo ankakalipiranso msewu. Ankati taonani dzenje ili kumanzereku, mpaka lero sanalikwirire. Ankati mbuzi za kwa Paulina zayambanso kugona pakati panjira. Ankati mchenga uwu wa potsetsereka udzapha munthu. Chilichonse ankachitchula asanachifike, ndipo Olímpio ankachilambalala mokhota kwambiri, malaya ake akuwala kutsogolo. Cândido anafika ku fabrika mutu ukumupweteka ndi phokoso, ndipo anauza Guilhermina madzulo kuti Abílio anabadwa ndi malilime awiri. Koma anadya bwino tsiku limenelo, mapewa atamasuka, ndipo mkazi wake anaona.

Sabata inatha, ina n'kuyamba. Cândido akati tsopano abwerera ku mayendedwe ake, m'mawa mwake tayala la Florentino linkapezeka litaphwa pa mango. Cândido ankatsika, n'kutulutsa chubu, n'kuchipopa, n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono pafupi ndi tsaya lake kuti amve mpweya. Kenako ankapala malo ena ndi kamwala, n'kumata chigamba. Anzake ankaima momuzungulira, akuyamikira luso lake.

Anayamba kuzolowera zina zimene kale ankadana nazo. Pobwerera madzulo ankaima pa mayi wina wogulitsa nzimbe, n'kumadya atatsamira njinga. Anamva kwa Florentino, munthu wosalankhulalankhula, kuti mwana wake woyamba ali ku usilikali ku Tete ndipo kalata sizikubwera. Zaka zonsezi ankakhala mudzi umodzi, koma zimenezi sankazidziwa. Tsiku lina Abílio anayamba nyimbo ya Chilomwe ya kumunda, ndipo anadabwa kumva mawu a besi akuvomera pambali pake. Atacheuka, Cândido anatseka pakamwa n'kunena kuti ankatsokomola.

Mkazi wa Olímpio yekha ndiye ankadandaula, chifukwa malaya oyera aja ankafunika kuchapidwa madzulo aliwonse, sopo ali wosowa. Guilhermina anayamba kumawatenga iye, n'kumawachapa kuseri kwa nthochi ndi kuwayanika kwa mlongo wake.

M'mwezi wa Julaye, nthawi ya chiperoni, Olímpio anagwidwa ndi malungo. M'mawa umenewo nkhungu inatsika m'phiri mpaka kuphimba msewu. Abílio ndi Florentino anakambirana msangamsanga Cândido asanafike. Florentino anali wamtali koma sankadziwa kutsogola, choncho Abílio anavala malaya a Olímpio pamwamba pa juzi lake. Mabatani awiri okha ndi amene anatheka, manja a malayawo akulendewera kupitirira zala.

Ananyamuka. Abílio anayesetsa kugwira ntchito ziwiri, kutsogola ndi kutchula maenje, moti ankalankhula atatembenuzira mutu kumbuyo ndipo kawiri anatsala pang'ono kugwa yekha. Atafika pa kamlatho kaja, kamene tsopano kanali katakonzedwa, Cândido analiza belu n'kuima. Anzake anaimanso. Florentino anayamba kugwiragwira tayala lake, poganiza kuti mwina pafunika chifukwa.

"Lisiyeni tayalalo, a Florentino," anatero Cândido. "Chubu chanu chili ndi zigamba zisanu ndi chimodzi pamalo opanda bowo. Ndinamata ndine. Mumachotsa mpweya pa valavu, ndimamva fungo la malovu anu."

Madzi ankangomveka pansi pa mlatho.

"Ndipo inu a Abílio, malaya a alamu anga mwawatenga liti?"

Abílio anaweramitsa mutu. Anayang'ana mabatani ake. Kenako anafunsa motsitsa kuti amisiri anadziwa liti.

"Tsiku loyamba. Munthu wanzeru savala zoyera popita kukasonkha moto."

Florentino anayamba kuseka, Abílio n'kutsatira, ndipo Cândido naye anamwetulira akuyang'ana pansi. Atatha kuseka, iye anawauza zoona zake ali chigwirire handulo. Anati kutsogolo amangoona chinthu choyera chikuyandama ngati utsi, ndipo ndicho amatsatira. Nkhope za anthu zinatha kalekale. Mzere wa pensulo pathabwa sauonanso, amayeza ndi chala. Anati ankaopa kuti akanena, amuchotsa ntchito, ndipo ankaopanso kwambiri kuti anthu ayamba kumugwira dzanja pomuolotsa msewu.

Abílio anapukuta m'maso ndi dzanja lalitali la malaya aja, nati iye anafunsa kale kwa namwino wa pa fabrika, mosatchula dzina. Namwinoyo anati ngati ndi ng'ala, ku chipatala chachikulu ku Quelimane kuli dokotala amene amaichotsa. Anakhala nayo nkhaniyi mwezi wathunthu osadziwa poyambira. Cândido anati n'zodabwitsa kuti pa nkhani zonse zimene Abílio anamupweteketsa nazo mutu, yofunika yokhayo ndi imene anaisunga. Tsiku limenelo anafikadi chitsulo chitalira, atatu onse.

Zotsatira zake zinatenga nthawi. Namwino anamuyeza n'kulemba kalata. Sekeretale uja anasaina chikalata cha ulendo popanda kufunsa zambiri, ndipo anauza oyang'anira kuti benchi la amisiri lidikire mwini wake. Mpaka tsiku lonyamuka, anayiwo anapitiriza kuyenda monga kale, kungoti tsopano Abílio ankangoti dzenje, mchenga, mbuzi, osavutikanso kuzikulunga m'nkhani. Cândido anati njira imeneyi inali yosasangalatsa, ndipo anamupempha kuti abwerere ku zakale.

Mu Seputembala anakwera basi yodzera ku Mocuba pamodzi ndi Guilhermina, amene anali asanaonepo nyanja yamchere. Anakhala ku Quelimane masabata atatu, kwa msuweni wake wa Olímpio. Dokotala anachotsa ng'ala ya diso lakumanja, nati lakumanzere adzalione chaka chamawa. Anabwerera ndi magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo, amene ankakulitsa diso lake mpaka ana a pamudzi kuthawa.

Anzake atabwera kudzamuona, anawayang'ana nthawi yaitali, mmodzimmodzi. Anauza Olímpio kuti malungo anamudya kwambiri. Anauza Abílio kuti wachita imvi osauza anthu. Florentino anatulutsa m'thumba kalata imene inafika kuchokera ku Tete iwo ali ku Quelimane. Inali itawerengedwa kale kangapo, koma anaipereka kwa Cândido, amene anaiyandikiza kumaso n'kuiwerenga mokweza, pang'onopang'ono, kuyambira pa deti mpaka pa dzina.

Lolemba lotsatira Guilhermina anaima pakhomo kuti aone chimene mwamuna wake achite. Cândido anafika pa mango nthawi ya gulu. Atanyamuka, anapalasa mwamphamvu n'kuwasiya, mpaka anangotsala kadontho kutsogolo. Abílio anati basi, amisiri apita. Koma atakwera chitunda choyamba anamupeza ataima pamwamba, phazi limodzi pansi, akuyang'ana minda ya tiyi ndi phiri lonse mpaka kunsonga. Atamufika anawakalipira kuti akuyenda ngati akuperekeza maliro, n'kuthamanganso. Pa chitunda chachiwiri anamupeza akudikiranso.

Mayendedwe awo anakhala amenewo mpaka mvula inagwa. Chaka chotsatira, pa ulendo wa diso lachiwiri, Guilhermina anati iye nyanja anaiona kale, ndipo amene anamuperekeza anali Abílio. Anthu amene anakwera nawo basi imeneyo ankasimba kuti kuchokera ku Milange mpaka ku Mocuba wamfupiyo sanapume kulankhula, ndipo wamagalasiyo ankangoti, "Kenako?"